Kodi sukulu za Katolika zothandizidwa ndi boma zimakhozetsadi ana kuposa zina?

Funso: Mwana wanga wamkazi wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwira ku CDSS ya pafupi ndi kwathu. Achibale akuti ndikamuyesere ku sekondale ya asisteri chifukwa kumeneko ana salephera. Ife si Akatolika, timapemphera ku CCAP. Kodi n'zoona kuti sukuluzi zimakhozetsa chotero? Ngati boma limazithandiza, bwanji fizi yake n'njokwera? Nanga sakamutembenuza mwana wanga? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, achibale anuwo sakunama, koma angokuuzani theka la nkhani. Mayeso a MSCE akatuluka, sukulu za Katolika zimadzadza pamndandanda wa zomwe zachita bwino, ndipo izi zakhala choncho kwa zaka zambiri. Chomwe mndandandawo sunena n'chakuti gawo lalikulu la kukhozako limachokera kwa ana omwe sukuluzo zimalandira, ana oti anali kale patsogolo asanaponde pageti. Gawo lotsalalo ndiye ntchito ya sukulu, ndipo ndi lokhalo lomwe ndalama zanu zingagule. Choncho musanagulitse mbuzi muyenera kudziwa kuti gawo limeneli ndi lalikulu bwanji pasukulu yomwe mukuifunayo.

Choyamba tisiyanitse, chifukwa mawu akuti "sukulu ya Katolika" amaphimba sukulu zosiyana kwambiri. Pali mapulayimale a mishoni, omwe malo ndi nyumba zake n'za mpingo koma aphunzitsi, silabasi ndi mayeso zonse n'za boma. Mapulayimale opitirira theka m'dziko muno eni ake ndi mipingo ndi zipembedzo, ndipo ambiri mwa iwo mavuto ake ndi omwewo a pulayimale ina iliyonse, ana kuthithikana m'kalasi, mabuku ochepa. Palinso sukulu zomwe mpingo umayendetsa pawokha popanda thandizo la boma, monga maseminale ang'onoang'ono a Nankhunda ku Zomba, Pius XII ku Nguludi ndi St. Kizito ku Dedza. Amenewa amatchuka kwambiri pa MSCE, koma amatenga anyamata ochepa, achikatolika okhaokha, osankhidwa mosamala, ndiye si oyenera kuyezerapo sukulu zina. Zomwe mukufunsa inu ndi za pakati, zomwe anthu a zamaphunziro amati grant-aided: Zomba Catholic, St. Mary's ku Zomba, St. Patrick's ku Mzedi, Stella Maris ku Blantyre, Providence ku Mulanje, Likuni Boys ndi Likuni Girls, Mtendere ku Dedza, Ludzi Girls ku Mchinji, Nkhamenya Girls ndi Loyola ku Kasungu, Chaminade ku Karonga ndi zina zotero. Mipingo ina monga CCAP ndi Anglican ilinso nazo sukulu za mtundu umenewu, ndipo pokambirana ndi boma mipingoyi imayankhulira limodzi kudzera m'bungwe lawo loona zamaphunziro la ACEM.

Mgwirizano wake uli motere. Boma limatumiza aphunzitsi ndi kuwalipira malipiro, limapereka ndalama zothandizira kuyendetsa sukulu, ndipo silabasi ndi ya Unduna wa Zamaphunziro, mayeso ndi a MANEB. Mpingo, kudzera mu dayosizi kapena chipani cha asisteri, ansembe kapena abulazala, ndiwo mwini malo ndi nyumba, uli ndi mawu pa kasankhidwe ka mphunzitsi wamkulu, ndipo umatsogolera komiti yoyang'anira sukulu. Malo a Fomu 1 amagawana: boma limasankha ana pafupifupi 60 pa 100 aliwonse potengera zotsatira za Sitandade 8, eni sukulu amadzaza 40 otsalawo, kawirikawiri kudzera m'mayeso olowera omwe amalembetsa okha. Mwana wanu ngati angalowe, adzalowera khomo lachiwirili.

Taonani tsono zomwe zimachitika pa makomo awiriwa. Mwa ana omwe amakhoza mayeso a Sitandade 8, osakwana theka ndi omwe amapeza malo ku sekondale za boma ndi zothandizidwa ndi boma. Mwa iwowa, omwe akhoza koposa onse amatumizidwa ku sukulu zotenga ana m'dziko lonse, zomwe ndi Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls, Mzuzu Government pamodzi ndi sukulu zambiri za mipingo tatchulazi. Otsatira amapita ku sekondale zogonera za m'boma lawo, kenako zoyendera, ndipo ma CDSS amatenga omalizira. Pakhomo la mpingo napo pali sefa, chifukwa olemba mayeso olowera amachuluka kuposa malo, komanso makolo omwe amamva za mayesowo, kupeza ndalama yolembetsera ndi ya thiransipoti, amakhala makolo oti maphunziro amawatsatira kale kunyumba. Zili ngati alimi awiri, wina wapatsidwa mbewu yosankha, wina yotola pansi pa nkhokwe. Pokolola simunganene kuti kusiyana konse kwabwera ndi kapaliridwe.

Akatswiri ayesapo kulekanitsa zinthu ziwirizi. Njira yake ndi yoyerekeza ana awiri omwe anakhoza pafupifupi mofanana, wina n'kulowa sukulu yotchuka chifukwa cha malikisi amodzi kapena awiri, mnzakeyo n'kutsala. Ku Kenya, Adrienne Lucas ndi Isaac Mbiti anachita zimenezi pa sekondale zapamwamba za boma, ndipo mu 2014 anasindikiza zomwe anapeza: pa mayeso omaliza ana awiriwa sankasiyana kwenikweni. Kuno kwathu Jacobus de Hoop anayerekeza ana osankhidwira ku sekondale zokhazikika, zija zomwe si ma CDSS, ndi anzawo osankhidwira ku ma CDSS, ndipo chomwe chinaoneka poyera n'chakuti a ku sekondale zokhazikika ankakhalitsa pasukulu, sankasiyira panjira. Ngakhale ku England, komwe boma limalipira pafupifupi zonse pa sukulu za Katolika cha pa 2,000, ofufuza akayerekeza ana ochokera m'mabanja ofanana, kusiyana kwa zotsatira kumachepa kwambiri. Kafukufukuyu sikuti akunyoza sukulu za mipingo. Akusonyeza kuti phindu lalikulu la sukulu yabwino kwa mwana ngati wanu lingakhale pa kumufikitsa ku Fomu 4 ali wokonzeka, kuposa pa kumusandutsa wanzeru.

Ndipo kwa mwana wamkazi wa kumudzi, chimenechi si chaching'ono ayi. Apa ndi pomwe sukuluzi zili ndi mphamvu yeniyeni, ndipo zambiri mwa zomwe zimachita n'zooneka ndi maso.

Yambani ndi nthawi. Mtsikana wa pa CDSS amadzuka m'mamawa kukatunga madzi, kusesa, mwina kuphikira ang'ono ake phala, kenako kuyenda mtunda wautali. Akafika m'kalasi watopa kale. Akaweruka ntchito zikumudikira, ndipo dzuwa likalowa kuwerenga kumadalira ngati m'nyumba muli nyali kapena tochi. Nyengo ya mvula mtsinje ukadzadza, tsiku limenelo sukulu palibe. Mnzake wa ku sukulu yogonera belu limamudzutsa, kalasi ili pafupi, nsima yaphikidwa kale, ndipo madzulo pali pulepu, nthawi yowerenga mwakachetechete pansi pa magetsi, mphunzitsi kapena pulifekiti akuyang'anira. Tingoyerekeza kuti pulepuyo ndi ya maola awiri, masiku asanu pa sabata, masabata 12 pa teremu. Amenewo ndi maola 120 pa teremu, 360 pa chaka, oposa 1,400 pofika pa MSCE. Palibe chozizwitsa apa, ndi maola basi. Sekondale ya boma yogonera yoyendetsedwa bwino imaperekanso maola omwewa.

Chachiwiri ndi aphunzitsi. Ma CDSS anabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pomwe boma linasandutsa ma DEC, aja a maphunziro a m'makalata, kukhala sekondale, ndipo ambiri anayamba ndi aphunzitsi omwe anaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale. Zinthu zasinthako chifukwa cha makoleji a Domasi ndi Nalikule, koma mpaka lero n'zosadabwitsa kupeza CDSS yopanda mphunzitsi weniweni wa Physics kapena Chemistry. Sukulu za mishoni zimakopa aphunzitsi a digiri ndi dipuloma chifukwa zili ndi nyumba za aphunzitsi pasukulu pomwepo, madzi ndi magetsi. Mphunzitsi wokhala pafupi ndi kalasi sangajombe osadziwika. Komanso amakhala ndi mabwana awiri. Woyendera sukulu wa boma angathe chaka osafika, koma sisteri kapena bulazala yemwe ndi mwini sukulu amagona pomwepo, amaona yemwe walowa m'kalasi mochedwa ndi yemwe sanachonge makope. M'maganizo athu, chinsinsi chachikulu cha sukuluzi n'chimenechi, kuti pali munthu yemwe sukuluyo imamupweteka. Pomwe chipani chachoka kapena chatsala ndi dzina lokha pa chikwangwani, zotsatira nazo zimatsika ngakhale Misa ikuchitikabe.

Chachitatu ndi labu ndi laibulale. Mayeso a MSCE a Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture ali ndi pepala la zochita ndi manja. Mwana yemwe kwa zaka zinayi wangoona chithunzi cha maikulosikopu pa bolodi amanjenjemera akachigwira koyamba tsiku la mayeso. Pamenepa ndi pomwe ana anzeru a m'ma CDSS amatayira mapointi, ndipo maphunziro a udokotala, unamwino ndi uinjiniya amawatsekekera. Chingerezinso chimodzimodzi. Kuti munthu apate satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezicho. Sukulu zogonera zambiri zimakakamiza ana kuyankhula Chingerezi mkati mwa sabata. Lamuloli lili ndi zoipa zake, limachititsa ana ena kuona chinenero chawo ngati chamanyazi, koma pa mayeso limathandiza.

Tsopano mmene mungawerengere zotsatira. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino, choncho mapointi 6 ndiwo apamwamba zedi, ndipo akamachuluka ndiye kuti zikuipa. M'dziko lonse, zaka zaposachedwapa okhoza akhala pakati pa 50 ndi 60 pa 100 aliwonse, ndipo pa mayeso a 2020, aja anabedwa n'kulembedwanso, anatsika kufika cha pa 41. Ndiye sukulu ikalengeza kuti ana ake onse akhoza, imaoneka ngati yachita zodabwitsa. Koma kwa sukulu yomwe inatenga ana osankhika, kukhoza onse ndi poyambira chabe. Mwana angakhoze MSCE ndi mapointi 40, satifiketi ali nayo, koma ku yunivesite sangapite.

Mukapita pasukulupo funsani manambala atatu a gulu limodzi la ana: analowa Fomu 1 angati, analemba MSCE angati, ndipo ndi angati anapeza makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Tiyerekeze kuti analowa 100, analemba 70, ndipo 70 onsewo anakhoza. Pa chikwangwani padzalembedwa 100 peresenti, pomwe ana 30 asowa panjira. Anapita kuti? Ena anasamuka, ena fizi inawakanika, koma pali sukulu zina, za mipingo ndi zomwe si za mipingo, zomwe zimachotsa ana ofooka akamamaliza Fomu 2 kapena Fomu 3, kapena kuwauza kuti akalembetse mayeso kwina kuti asaipitse mbiri. Funsani mosabisa kuti mwana akalephera mayeso a pasukulu kawiri amatani naye. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu yabwino sangakwiye ndi funso limeneli. Pemphaninso zotsatira za zaka zitatu zotsatizana, chifukwa chaka chimodzi chingakhale cha gulu lanzeru mwamwayi. Ndipo musanyengeke ndi mwana mmodzi wa mapointi 6 yemwe chithunzi chake chili mu ofesi. Funsani za mwana wapakati, chifukwa mwachidziwikire wanu adzakhala pamenepo.

Chitani chimodzimodzi ku CDSS yomwe mwana wasankhidwirayo. Si ma CDSS onse ali pamavuto. Ena ali ndi labu, hositelo ya atsikana ndi aphunzitsi okwanira, ndipo amatumiza ana ku yunivesite chaka ndi chaka. Kaoneni ndi maso: kodi pali mphunzitsi wa Masamu ndi wa sayansi, ana amagawana buku limodzi angati, zimbudzi za atsikana zili bwanji. Chomwe tingakuchenjezeni n'chakuti ngati CDSS ili kutali moti mwana azikachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira yekha, kaja amati selofu, ndiye kuti sukulu yogonera ya mishoni yapambana kale. M'tinyumba timeneti ndi momwe atsikana ambiri amapezera mavuto, chifukwa palibe wowayang'anira ndipo ndiwo zikatha pamapezeka amuna owagulira.

Za fizi. Boma limalipira aphunzitsi, koma silidyetsa mwana wanu mokwanira. Ndalama zomwe makolo amapereka pa sukulu yogonera zimapita ku chimanga, nyemba, mafuta ophikira, nkhuni, mabilu a magetsi ndi madzi, malipiro a ophika, alonda ndi amatroni, ndi kukonza nyumba zomwe zina zinamangidwa dziko lino lisanalandire ufulu. Thandizo la boma limakhala lochepa ndipo nthawi zambiri limafika mochedwa. Kale kusiyanaku ankakwirira amishonale ndi ndalama zochokera kwa abale awo ku Ulaya ndi ku Canada, ndipo asisteri ndi abulazala ambiri ankaphunzitsa osalandira malipiro enieni. Amenewo achepa, ndipo mtolo wagwera makolo. Chimanga chikakwera mtengo, fizi nayo imakwera kapena chakudya chimachepa, ndipo zipolowe zambiri za m'sukulu zogonera zimayambira ku khitchini, pa nyemba zofumbwa ndi nsima yosakwana.

Powerengetsa musaone teremu yoyamba yokha. Sekondale ndi materemu 12. Tengani fizi ya teremu imodzi, onjezanipo thiransipoti yopita ndi yobwera, sopo, shuga, zofunika za mtsikana mwezi ndi mwezi, ndi kandalama ka m'thumba, muchulukitse ka 12, kenako muonjezere zogula kamodzi monga yunifomu, nsapato, zofunda, ndowa ndi sutikesi, podziwa kuti mitengo ya Fomu 4 siidzafanana ndi ya lero. Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri n'chakuti banja limasonkha ndalama za Fomu 1 mwachisangalalo, amalume alonjeza, azakhali alonjeza, kenako pofika Fomu 2 teremu yachiwiri malonjezo atha. Mwana amabwezedwa kunyumba, amakhala milungu itatu, abwerera anzake apita patali, ndipo malo ake ku CDSS anapatsidwa kale kwa wina. Mwana woteroyo amavutika kuposa yemwe anangoyamba pa CDSS n'kukhazikika. Ngati ndalama zili zokayikitsa, yambani kufunafuna basale mwana asanapite: ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC, ku thumba la CDF la dera lanu, ku mabungwe othandiza atsikana monga CAMFED ngati akugwira ntchito kwanuko, komanso kwa eni sukuluwo, chifukwa zipani zina zili ndi kathumba kothandizira ana osowa koma sizilengeza. Funsaninso ngati ana olowera khomo la boma ndi olowera khomo la mpingo amalipira mofanana, ndipo mutenge kalata ya fizi ya chaka chino, osadalira zomwe mnzanu analipira chaka chatha.

Polembetsa, pitani ku ofesi ya sukulu kapena kwa mlembi wa zamaphunziro wa dayosizi, mufunse tsiku la mayeso olowera, malo olembera ndi zofunika kutenga. Masikuwa amalengezedwanso m'matchalitchi ndi pa wailesi za mpingo monga Radio Maria, choncho mnansi wanu wachikatolika angakuthandizeni kumva msanga. Mayesowa amakhala makamaka pa Chingerezi, Masamu ndi sayansi za Sitandade 8. Ndalama iliyonse perekani ku ofesi kapena ku akaunti ya sukulu, mulandire lisiti. Munthu wokuuzani kuti ali ndi njira yolowetsera mwana mukamupatsa kenakake, mutalikireni, chifukwa nyengo ya Fomu 1 akamberembere amachuluka. Ndipo musataye malo a ku CDSS mpaka kalata ya sukulu inayo ili m'manja.

Tifike pa chipembedzo, pomwe nkhawa yanu ili ndi maziko m'mbiri. Amishonale a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, kwanu komweko ku Ntcheu, mu 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Nthawi imeneyo sukulu inali khomo lolowera mumpingo. Akatolika ndi Apulotesitanti ankalimbirana midzi potsegula tisukulu, ndipo mwana wophunzira pa sukulu ya mishoni ankayembekezeka kubatizidwa komweko. N'chifukwa chake makolo ambiri achisilamu ku Mangochi ndi Machinga ankakana kutumiza ana awo kusukulu, ndipo zotsatira za kukanako zikuonekabe m'maboma amenewa. Boma la atsamunda linayamba kupereka thandizo ku sukulu za mishoni cha m'ma 1907 ndi ndalama zokwana mapaundi 1,000 okha, linakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, koma sekondale yakeyake yoyamba, ya Dedza, inatsegulidwa mu 1951, pomwe Zomba Catholic inali itayamba kale mu 1942. Mgwirizano wa boma ndi mipingo pa maphunziro ndi wakale chotero.

Lero zinthu n'zosiyana. Ana omwe boma limasankha siliwafunsa mpingo, ndiye pa sukulu iliyonse yothandizidwa ndi boma mupeza a CCAP, a Seventh Day, a Pentekosite ndi Asilamu. Pa kalembera wa 2018 Akatolika anali pafupifupi 17 pa 100 aliwonse m'dziko muno, a CCAP 14, Asilamu pafupifupi 14, kotero sukulu yotenga ana m'dziko lonse singadzadze ndi Akatolika okha. Mwana wanu palibe angamubatize popanda iye kufuna ndi inu kudziwa, chifukwa kulowa Chikatolika kumafuna maphunziro a katekisimu a nthawi yaitali. Komabe musayembekezere sukulu yopanda fungo la mpingo. Tsiku limayamba ndi pemphero, m'kalasi muli mtanda, pa sukulu zambiri Misa ya sukulu yonse ndi ya aliyense, ndipo mwezi wa May ndi October amva korona. Pa Misa azikhala nawo koma salandira Ukaristia. Sukulu zambiri zimalola ana a mipingo ina kusonkhana paokha kapena kudzera mu SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, monga momwe achikatolika amasonkhanira m'gulu lawo la YCS. Funsani za zimenezi musanalipire, ndipo mufunse ana omwe akuphunzira pomwepo, osati ofesi yokha. Kwa a CCAP kusiyanaku n'kopiririka. Omwe zimawavuta kwambiri ndi a Seventh Day pa nkhani ya makalasi a Loweruka, ndi Asilamu pa nkhani ya Lachisanu, chakudya ndi kavalidwe.

Nkhani ya kavalidweyi inafika povuta m'zaka za 2019 ndi 2020, pomwe sukulu zina za mipingo ku Balaka ndi Machinga zinatsekedwa chifukwa cha mkangano wa hijabu. Mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu, mothandizidwa ndi bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la PAC, anasainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu pa sukulu zothandizidwa ndi boma. Mkangano wofanana nawo unabukanso cha m'ma 2000 boma litafuna kuchotsa Bible Knowledge n'kuikapo phunziro la zipembedzo zonse, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala. Pansi pa mikangano yonseyi pali funso limodzi lovuta: nyumba ndi za mpingo, koma malipiro a aphunzitsi amachokera ku msonkho wa aliyense, Msilamu ndi wosapemphera yemwe. Maganizo athu ndi akuti sukulu yolandira ndalama za boma ili ndi ufulu wosunga chikhalidwe chake, koma ilibe ufulu wotsekera mwana pakhomo chifukwa cha chipembedzo, makamaka kumudzi komwe sukulu ya mishoniyo ndi yokhayo yomwe mwana angafikeko wapansi.

Ntchito ya sukuluzi m'dziko ili ndi mbali ziwiri zomwe sizigwirizana bwino. Mbali ina, mpingo wafika komwe ena sanafike. Sekondale zogonera za atsikana okhaokha zambiri n'za asisteri, ndipo zatulutsa anamwino, aphunzitsi, madokotala ndi maloya ochokera m'midzi yomwe mtsikana sankapitirira Sitandade 5. Maphunziro a ana osamva ndi osaona anakula kwambiri ndi ntchito ya abulazala a FIC ku Montfort ku Nguludi, ndipo ku Mua kuli sukulu ya ana osamva. Ku Bembeke kuli koleji ya St. Joseph's yophunzitsa aphunzitsi achizimayi. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992, yomwe anthu amaikumbukira pa ndale, inadandaulanso za kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndi kusiyana kwa mwayi wa maphunziro pakati pa ana. Patangopita zaka ziwiri, mu 1994, pulayimale inakhala yaulere, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, ndipo mapulayimale a mishoni anasefukira limodzi ndi ena onse.

Mbali inayo ndi yowawa. Sekondale zomwe zinamangidwira ana a anthu osauka, lero zambiri mwa izo mwana wa mlimi wamba sangazikwanitse. Ana ochokera ku mapulayimale olipira a m'tauni, omwe anayamba Chingerezi ku mkaka, ndiwo amapambana mayeso olowera, ndipo makolo awo ndiwo fizi siiwavuta. Potero ndalama za boma ndi khama la mpingo zimathera pa ana omwe anali kale ndi mwayi, omwenso amadzatenga malo ambiri ku yunivesite. Ajezuiti potsegula Loyola mu 2015 anasankha dala Kasungu m'malo mwa mzinda waukulu, n'kusankhanso kuti ikhale yothandizidwa ndi boma, ya anyamata ndi atsikana, pofuna kuti fizi isathamangitse osauka. Madayosizi ena akuika mphamvu pa ma CDSS a m'maparishi, ndipo kwa ife kumeneko ndi komwe mpingo ungasinthe zambiri, ngakhale sikutulutsa mitu ya nkhani mu nyuzipepala.

Chinanso choti mudziwe ndi mwambo. Sukuluzi n'zokhwima pa malamulo: foni, kutuluka pageti popanda chilolezo, kubwera mochedwa potsegulira. Kukhwimaku kumateteza ana, koma kumachotsetsanso sukulu ana pa milandu yomwe kwina angangopatsidwa chibalo. Werengani malamulowo pamodzi ndi mwana musanasaine. Funsani mmene amathanirana ndi tizingi, kuzunza ana a Fomu 1 kuja, ndiponso ngati amatroni amagona ku hositelo komweko. Kumenya mwana n'koletsedwa pa sukulu iliyonse yomwe ili pansi pa Unduna. Ndondomeko ya boma yolola mtsikana yemwe anatenga pathupi kubwerera kusukulu akachira, yomwe inayamba mu 1993, imakhudzanso sukulu zothandizidwa ndi boma, ngakhale pochitika zina zimakonda kumupezera malo kwina.

Kwa inu mayi, tingalangize motere. Ngati mwawerengetsa materemu 12 ndipo ndalama zikuoneka popanda kudalira malonjezo a pakamwa, mwana akalembe mayeso olowera, ndipo akakhoza apite, makamaka ngati CDSS yanuyo ilibe labu kapena ili kutali. Ngati ndalama sizikukwana, musiyeni mwanayo ayambe pa CDSS ndipo inu mumupatse kunyumba zina mwa zomwe sukulu yogonera ikanamupatsa: nyali ya sola, maola awiri madzulo aliwonse omwe palibe womutuma, mabuku akeake a Masamu, Chingerezi, Biology, Physics ndi Chemistry, ndi njinga ngati mtunda ndi wautali. Mukambirane ndi ahedi ngati ana amapita kukachita za mu labu ku sekondale yoyandikana nayo, popeza sukulu za dera limodzi zimaikidwa m'magulu othandizana. Akakhoza bwino JCE, yomwe inabwereranso mu 2021, mungakafunsenso malo a Fomu 3 ku sukulu ya asisteriyo. Malo amapezeka apo ndi apo ana ena akachoka, ndipo pamenepo mudzakhala ndi materemu asanu ndi limodzi okha oti mulipire m'malo mwa 12.